Mwana akudandaula m'mimba, kuchipatala sakupeza matenda: zimakhala bwanji?

Tikatengera ziwerengero za padziko lonse, m'kalasi ya ana 60 mumapezeka ana 6 mpaka 8 amene m'mimba mumawapweteka mobwerezabwereza: lero mwapweteka, mawa ali bwino, sabata yamawa mwayambanso. Ambiri mwa ana amenewa akapita kuchipatala amayezedwa magazi, mkodzo ndi chimbudzi, ena amafika pojambulidwa, koma zotsatira zimatuluka zopanda vuto. Kholo limabwerera kunyumba ndi panado m'manja, mafunso ali tho m'mutu.

Pakhomo maganizo amagawikana. Bambo amati mwanayu ndi waulesi, akungofuna kujomba. Mayi amati adokotala sanamuone bwino, tikayese chipatala china. Agogo amanong'ona kuti mwina anadyetsedwa. Madokotala a ana ali ndi yankho lachinayi, lomwe ndi lovuta kulimvetsa: ululuwo ndi weniweni, koma m'mimbamo mulibe chilonda, chotupa kapena kachilombo, chimene chasokonekera ndi mmene matumbo ndi ubongo zimatumizirana mauthenga. Yankho limeneli lili ndi mbiri ndi umboni wake, komanso lili ndi mipata imene akatswiri eniakewo amavomereza kuti sinatsekedwe.

Muyezo unachokera ku Bristol

Mwana aliyense amamvako m'mimba nthawi zina. Ndiye malire ali pati pakati pa zongochitika ndi vuto lofunika kulitchula dzina? Amene anayamba kulemba malirewo ndi a John Apley, dokotala wa ana wa mumzinda wa Bristol ku England. Iwo ndi a Nora Naish anafunsa ndi kuyeza ana a sukulu 1,000, ndipo m'chaka cha 1958 anatulutsa zimene anapeza. Muyezo wawo unali wosavuta: ululu ukhale kuti wabwera katatu kapena kuposerapo, m'miyezi yosachepera itatu, ndipo ukhale woti walepheretsa mwana kuchita zimene amachita masiku onse. Ana 108 mwa 1,000 aja anakwanira muyezowo, atsikana akuchulukirapo pang'ono.

Mwa ana otere amene a Apley anawafufuza mozama kuchipatala, ochepera mmodzi mwa 10 alionse ndiwo anapezeka ndi nthenda yooneka. Anaonanso kuti ambiri ankaloza pamchombo akafunsidwa pamene pakupweteka. Apa ndi pamene panachokera langizo limene ophunzira zachipatala amaphunzitsidwabe: ululu ukamatalikira ndi mchombo, mpata woti pali nthenda yooneka umakula. Si lamulo losaphonya, koma limathandiza.

Chofunika kuzindikira n'chakuti muyezo wa a Apley unkangofotokoza zimene zikuchitika, osati chimene chikuchititsa. Unali ngati kunena kuti munthu amadwaladwala mutu: mawuwo sakuuzani ngati vuto ndi maso, kuthamanga kwa magazi kapena ching'alang'ala. Zipangizo zoyezera zitapita patsogolo, chiwerengero chinasinthanso. Ku Bristol komweko, kafukufuku wa m'chaka cha 2004 wa ana 103 anapeza nthenda yooneka mwa ana pafupifupi 3 pa 10 alionse. Komabe otsalawo, omwe ndi ochuluka, anakhalabe opanda chowapeza nacho.

Mu 2015 ofufuza a ku Netherlands anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri ndipo anapeza kuti ana 13.5 pa 100 alionse ali ndi vuto lamtunduwu. Ku Asia ndi ku South America chiwerengero chinapitirira 16, pamene ku Ulaya chinali pafupifupi 10. Choncho amene amati awa ndi matenda a ana osasatitsidwa a m'mayiko olemera sakugwirizana ndi masamuwa.

Matenda a kagwiridwe ntchito

Madokotala amasiyanitsa magulu awiri. Gulu loyamba ndi la matenda amene amaononga chiwalo moti diso, makina ojambulira kapena labotale zikhoza kuona: chilonda, kutupa, nyongolotsi, chotupa. Gulu lachiwiri ndi la matenda amene chiwalo chimaoneka chathunthu koma sichikugwira ntchito mwadongosolo, kapena chikumva mopitirira muyezo. Mutu waching'alang'ala ndi chitsanzo chimene tonse timachidziwa. Munthu amagona m'chipinda chamdima tsiku lonse, akusanza, koma akajambulidwa m'mutu simuoneka kanthu. Palibe amene amamunena kuti akunama.

Kwa zaka zambiri gulu lachiwirili linalibe miyezo yogwirizana. Dokotala aliyense ankalitchula mwakemwake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a matenda a m'mimba ochokera m'mayiko osiyanasiyana anayamba kukumana ku Rome, ku Italy, kuti agwirizane chimodzi, ndipo miyezo yawo inatenga dzina la mzindawo. Ana anapatsidwa miyezo yawoyawo koyamba mu 1999. Inakonzedwanso mu 2006, kenako mu 2016 pamene panatuluka Rome IV. Miyezo ya 2016 imagawa kupweteka kwa m'mimba kwa ana a msinkhu wa sukulu m'mitundu inayi.

Wofala kwambiri ndi umene umadziwika ndi chidule chakuti IBS. Apa ululu umayendera limodzi ndi chimbudzi: umayamba kapena kusintha mwana akapita kuchimbudzi, ndipo chimbudzicho chimasinthasintha, nthawi zina cholimba, nthawi zina chamadzi, nthawi zina kawirikawiri, nthawi zina patalipatali. Wachiwiri umakhala kumtunda, pansi pa chifuwa: mwana amakhuta msanga, akangodya pang'ono amamva kulemedwa, kapena amamva kuotcha. Mitundu iwiriyi imafunika kuti zizindikiro zioneke masiku osachepera 4 pamwezi kwa miyezi iwiri.

Wachitatu ndi wodabwitsa: ching'alang'ala cha m'mimba. Ululu umabwera mwadzidzidzi, waukulu, kawirikawiri pamchombo, n'kukhala ola limodzi kapena kuposerapo. Mwana amatuwa, amakana chakudya, amachita nseru, mwina kusanza, mwina kudana ndi kuwala. Kenako zimatha, n'kukhala bwinobwino masabata kapena miyezi. Kawirikawiri kumtundu kumakhala wina wodwala ching'alang'ala cha mutu, ndipo ambiri mwa anawa akamakula ululu umasamukira kumutu. Wachinayi ndi wa ana onse amene ululu wawo sukukwanira bwino m'mitundu itatuyo.

Mu 2016 munasinthanso mfundo ina yaikulu. Kale miyezo inkafuna kuti pasakhale umboni uliwonse wa nthenda yooneka, ndipo madokotala ambiri ankamva ngati akulamulidwa kuyeza chilichonse kaye. Rome IV inati ndi zokwanira kuti dokotala afufuze moyenera n'kuona kuti zizindikirozo sizikuchokera ku nthenda ina. Tanthauzo lake n'lakuti dokotala angathe kunena molimba mtima kuti mwana ali ndi vuto lakutilakuti chifukwa cha mmene zizindikiro zilili, osati kungonena kuti talephera kupeza kanthu. Kwa kholo, kusiyana kwa mawu awiriwa si kochepa.

Matumbo ali ndi mitsempha yawoyawo

Kuti maganizo amakhudza m'mimba, aliyense amene anayembekezerapo zotsatira za mayeso amadziwa. Umboni woona ndi maso unabwera mwangozi. Mu 1822, pachilumba cha Mackinac ku America, mnyamata wina dzina lake Alexis St. Martin anawomberedwa ndi mfuti mwangozi. Anachira, koma bala linasiya kabowo kolowa mpaka m'chifu. Dokotala wa asilikali, a William Beaumont, anakhala zaka akusuzumira pakabowoko, ndipo analemba kuti mnyamatayo akakwiya kapena kuchita mantha, mkati mwa chifu munkasintha mtundu ndipo chakudya chinkachedwa kugayika.

Mu 1899 ku London, a William Bayliss ndi a Ernest Starling anadula mitsempha yolumikiza matumbo a nyama ndi ubongo, koma matumbowo anapitirizabe kukankha chakudya mwadongosolo. Lero tikudziwa chifukwa chake: m'khoma la matumbo muli maselo a mitsempha oposa 100 miliyoni, amene amatha kuyendetsa ntchito yogaya chakudya paokha. Amalumikizana ndi ubongo kudzera mumsana ndi mumtsempha waukulu wotchedwa vagus, ndipo mauthenga ochuluka a mumtsemphawu amachokera pansi kupita kumutu, osati kuchokera kumutu kupita pansi. Ngakhale serotonin, kemikolo yonyamula mauthenga a mitsempha imene anthu ambiri amaimva pankhani za kusangalala ndi kukhumudwa, yoposa 90 pa 100 iliyonse ya m'thupi imapezeka m'matumbo.

Mwa munthu wabwinobwino, mauthenga ochuluka ochokera m'matumbo safika poti munthu awazindikire. Chakudya chimayenda, mpweya umadutsa, matumbo amafinya ndi kumasuka, ife osadziwa. Mwa ana ambiri amene tikukambawa, sefa imeneyi yafooka. Mu 1973 dokotala wina wa ku England, a James Ritchie, anaika kabaluni m'matumbo aakulu a anthu n'kumakapopa pang'onopang'ono. Atafika pa mamililita 60, anthu 6 okha pa 100 alionse athanzi ndiwo anamva kupweteka, pamene mwa odwala IBS anali 55. Kutambasuka kwa matumbo kunali kofanana, kumva ndiko kunasiyana. Patapita zaka, mayeso ofanana ndi amenewa anachitikanso pa ana, ndipo ana a IBS anasonyeza zomwezo.

Taganizirani galu wolondera pakhomo. Galu wabwino amauwa akamva mlendo usiku. Koma pakhomo pakangolowa akuba kamodzi, galu wina amasinthiratu: tsamba likagwa amauwa, mbuzi ikatsokomola amauwa, mphepo ikagwedeza chitseko amauwa. Kuuwako ndi kwenikweni, kumakudzutsani ndithu, ndipo galuyo sakupusitsa munthu. Koma mukatuluka ndi tochi simupeza wakuba.

Nanga chimayambitsa n'chiyani?

Palibe chinthu chimodzi. Chimene chili ndi umboni wooneka bwino ndi matenda otsegula m'mimba amene anatha kale. Mu Meyi 2000, madzi akumwa a m'tauni ya Walkerton ku Canada anaipitsidwa ndi ndowe za ng'ombe. Anthu pafupifupi 2,300 anadwala, 7 anamwalira. Ofufuza anatsatira anthu a m'tauniyo kwa zaka 8, ndipo ana amene anadwala pamliriwo anapezeka ndi IBS kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi anzawo amene sanadwale. Ku Bergen, ku Norway, madzi anafalitsa kachilombo ka giardia mu 2004. Patapita zaka zitatu, 46 pa 100 alionse mwa amene anadwala anali ndi IBS, pamene mwa osadwala anali 14. Tizilombo tinapita kalekale, koma mitsempha ya m'matumbo inatsala ili tcheru.

Chachiwiri ndi nkhawa. Ana amene ali ndi vutoli amapezeka ndi nkhawa kwambiri kuposa anzawo, ndipo ululu umakonda kukula nthawi ya mayeso, posintha sukulu, pamene makolo akukangana kapena kusiyana, pa maliro, kapena mwana akamazunzidwa ndi anzake. Kafukufuku wa m'mayiko angapo wapezanso kuti ana ochitiridwa nkhanza, kuphatikizapo kugwiriridwa, amadandaula m'mimba kwambiri. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito amafuna kucheza ndi mwana wamkulupo payekha, kholo litatuluka pang'ono.

Izi zimamasuliranso chinthu chimene chimakwiyitsa makolo: ululu wobwera m'mawa wa Lolemba, n'kuzimiririka Loweruka. Sizitanthauza kuti mwana akunama. Ubongo ukakhala ndi mantha umatsegula khomo la mauthenga a ululu. Ukatanganidwa ndi mpira umalitseka. Inde alipo ana amene amanamizira m'mimba pothawa sukulu, koma ngakhale pamenepo funso loyenera ndi lakuti kusukuluko kuli chiyani chimene akuthawa.

Chachitatu ndi kumtundu. A Apley anaona kale kuti ana otere amachokera kawirikawiri m'mabanja momwe makolo amadandaulanso m'mimba kapena mutu. Mbali ina ndi ya magazi, mbali ina ndi yophunzira, poti mwana amaonera akulu mmene amachitira akamva kupweteka.

Chachinayi ndi chakudya. Pali mitundu ya shuga imene matumbo aang'ono sayamwa bwino. Ikafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amaiwiritsa n'kutulutsa mpweya. Imapezeka mu nyemba, anyezi, tirigu, mango ndi mkaka. Anthu ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa akamakula thupi limachepetsa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka. Kwa mwana wina, mpweya umenewu ndi phokoso chabe la m'mimba. Kwa mwana wa matumbo omva msanga, ndi ululu.

Wakuba weniweni amabweranso

Galu wouwa chisawawa tsiku lina amauwa wakuba weniweni. N'chifukwa chake madokotala ali ndi zizindikiro zimene zikaoneka, nkhani ya kagwiridwe ntchito imayamba yaikidwa pambali. Mwana akamawonda kapena kuleka kukula, akamachedwa kutha msinkhu, chimbudzi chikakhala ndi magazi kapena chakuda bii, akamasanza kosalekeza, makamaka zobiriwira ngati ndulu kapena zamagazi, akamatsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kapena kudzuka usiku chifukwa chotsegula, thupi likamatentha popanda chifukwa chodziwika, akamavutika kumeza, mfundo zikamatupa, maso akachita chikasu, kapena ululu ukakhazikika mbali imodzi, makamaka kudzanja lamanja, pafunika kufufuza mozama. Ululu watsopano, waukulu, womakulirakulira m'maola ochepa ndi nkhani inanso: umenewo ndi wothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mwanayo akhale wodandauladandaula kale.

Apa ndi pamene malo amene mwana akukhala amasintha masamu. Miyezo ya Rome inalembedwa makamaka ndi madokotala a ku Ulaya ndi ku America, kumene nthenda zooneka zimene amaziopa kwambiri ndi kutupa kwa matumbo kokhalitsa ndi vuto la thupi kudana ndi tirigu. Kuno kwathu mndandanda ndi wina. Pali njoka za m'mimba, giardia, malungo, tayifodi, TB ya m'mimba, matenda a chikhodzodzo, matenda a magazi otchedwa sickle cell, ndi mavuto obwera ndi HIV kapena mankhwala ake. Pali likodzo, lomwe ambiri timalidziwa ndi mkodzo wamagazi, koma lili ndi mtundu wina wokhala m'matumbo. Nkhono zofalitsa mtundu umenewu zinapezeka m'nyanja ya Malawi cha ku Mangochi mu 2017, ndipo ana a sukulu za m'mbali mwa nyanja kumeneko anapezeka nawo. Kwa atsikana otha msinkhu pali ululu wa msambo, ndipo dokotala sangaiwale za pathupi. Palinso njala yeniyeni: mwana wopita kusukulu wosadya kanthu amamva m'mimba pofika 10 koloko, ndipo mankhwala ake ndi phala.

Kudzimbidwa kumaiwalika kawirikawiri. Mwana amene amanyansidwa kapena kuopa chimbudzi cha kusukulu amadzigwira tsiku lonse. Chimbudzi chimauma, potuluka chimapweteka, mwana amaopa kwambiri, n'kumadzigwirabe. Makolo ambiri sadziwa kuti mwana wa zaka 9 amapita kuchimbudzi kangati pasabata, chifukwa pamsinkhu umenewo sitifunsanso.

Koma palinso msampha wa mbali inayo. Kupeza kachilombo sikutanthauza kuti kachilomboko ndiko kakupweteka. Ana ambiri ali ndi njoka za m'mimba koma samva kanthu. Bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, amene amayambitsa zilonda za m'mimba, amakhala m'chifu cha anthu ochuluka m'mayiko osauka kuyambira ali ana, ambiri osadwala n'komwe. Mabungwe a madokotala a m'mimba mwa ana a ku Ulaya ndi ku North America amalangiza kuti mwana amene zizindikiro zake zikuloza ku vuto la kagwiridwe ntchito asayezedwe bakiteriyayu, chifukwa kumupha kawirikawiri sikuthetsa ululu ngati palibe chilonda. Choncho mwana angathe kumwa mankhwala a njoka, njoka n'kutha, ululu n'kutsala.

Chimene chimathandiza, ndi chimene sichithandiza kwenikweni

Zotsatira za kafukufuku pano zimadabwitsa anthu ambiri, chifukwa mapiritsi sali patsogolo. Mu 2009 ku America, ana 90 analowa m'kafukufuku wa mankhwala otchedwa amitriptyline, amene amathandiza akuluakulu ena a IBS. Theka linamwa mankhwalawo, theka linamwa mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala. Patatha masabata anayi, 63 pa 100 alionse a gulu loyamba anati akupezako bwino. A gulu lachiwiri anali pafupifupi 58. Kusiyanako kunali kochepa moti sikungawerengedwe. Izi sizisonyeza kuti ululu unali wabodza. Zimasonyeza kuti chiyembekezo ndi kusamalidwa zimatha kutsitsa mauthenga a ululu, monga zimachitira pa ululu wamtundu uliwonse.

Umboni wamphamvu uli pa njira zophunzitsa mwana ndi makolo mmene angachitire ululu ukabwera. Pa yunivesite ya Vanderbilt ku America, a Lynn Walker ndi anzawo anachita kafukufuku wosavuta amene anatuluka mu 2006. Ana anamwetsedwa madzi mpaka kukhuta kwambiri kuti amve kusapeza bwino m'mimba. Makolo ena anauzidwa kuti azifunsa za m'mimbamo ndi kupepesa, ena kuti azicheza ndi mwana nkhani zina, ena sanauzidwe kanthu. Kwa ana ofunsidwafunsidwa, madandaulo anawirikiza pafupifupi kawiri. Kwa ana ochezedwa nkhani zina, anatsika ndi theka. Anawo ananena kuti kuchezedwa nkhani zina kunawathandiza, pamene makolo a ana odwalawo ankaona ngati njira imeneyo ndi yopweteka mwana. Akulu anati pepani sapoletsa chilonda. Apa zikuoneka kuti pepani wochuluka amathanso kuutsa ululu. Sikuti kholo likhale louma mtima. Likhulupirire mwana, linene kamodzi kuti ndamva, kenako limuthandize kubwerera ku zochita zake m'malo momufunsa m'mawa uliwonse kuti m'mimba muli bwanji.

Ku Netherlands, a Arine Vlieger anayesa njira ina pa ana 53 a zaka 8 mpaka 18 amene anavutika nthawi yaitali. Ena anaphunzitsidwa, maulendo 6 m'miyezi itatu, kumasula thupi, kupuma modekha ndi kuona m'maganizo matumbo awo akuyenda mwamtendere. Njirayi imatchedwa hypnotherapy, ndipo ilibe chochita ndi matsenga kapena kugoneka munthu tulo. Mwana amakhala maso, akudziwa zonse. Patatha chaka, 85 pa 100 alionse a gululi anali atachira, poyerekeza ndi 25 mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Anawo anali ochepa, koma kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti ngakhale kumvera malangizo ojambulidwa kunyumba kumathandiza ana ambiri.

Zina zili ndi umboni wapakatikati: mafuta a peppermint, mitundu ingapo ya mabakiteriya abwino, ndi kufewetsa chimbudzi kwa mwana wodzimbidwa. Kusala zakudya zowira m'matumbo kuja, njira imene inayambira ku yunivesite ya Monash ku Australia, kumathandiza akuluakulu ambiri, koma umboni wake pa ana ndi wochepa. Ndipo pakhomo pamene ndiwo zodalirika ndi nyemba, kumuletsa mwana nyemba popanda malangizo a achipatala kungabweretse vuto lalikulu kuposa limene tikuthawa.

Zimene madokotala amagwirizana kuti sizithandiza ndi kugula mankhwala pagolosale ulendo uliwonse. Bulufeni, asipilini ndi indosidi zimakanda chifu. Fulajilo ndi mankhwala ena opha mabakiteriya, akamamwedwa mobwerezabwereza popanda chifukwa, amasokoneza mabakiteriya abwino a m'matumbo. Amagwirizananso pankhani ya sukulu: cholinga choyamba ndi chakuti mwana abwerere m'kalasi ululu usanatheretu, chifukwa kukhala kunyumba kumaonjezera mantha a zimene zamupita. Mphunzitsi akadziwa za vutoli, n'kumulola mwana kupita kuchimbudzi osachititsidwa manyazi kapena kupuma pang'ono n'kubwerera, wachita mbali yaikulu.

Tsogolo la ana amenewa ndi lotani? Kafukufuku wa mu 2008 amene anasonkhanitsa nkhani za ana oposa 1,300 anapeza kuti patapita zaka pafupifupi zisanu, 29 pa 100 alionse anali akumvabe m'mimba. Otsalawo anachira. Amene anayezedwa zambiri sanachire mwamsanga kuposa amene anayezedwa zochepa.

Mafunso amene sanayankhidwe

Loyamba ndi lakale: chimayamba n'chiyani, nkhawa kapena ululu? Ku Vanderbilt, ana a vutoli atatsatiridwa mpaka kukula, 51 pa 100 alionse anapezeka kuti anadwalapo matenda a nkhawa, pamene mwa anzawo anali 20. Ena amati izi zikusonyeza kuti muzu uli m'maganizo. Ena amati mwana aliyense womva kupweteka kwa zaka, akumauzidwa kuti akunama, angathe kukhala wankhawa. Kafukufuku wa akuluakulu ku Australia anapeza njira zonse ziwiri: ena nkhawa inayamba, ena m'mimba ndimo munayamba.

Lachiwiri ndi lakuti mwina ena mwa ana amenewa ali ndi nthenda yooneka imene zipangizo zathu sizinafike poiona. Mbiri imatichenjeza. Kwa zaka zambiri zilonda za m'mimba zinkanenedwa kuti zimabwera ndi nkhawa ndi asidi, mpaka a Barry Marshall ndi a Robin Warren a ku Perth ku Australia atasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti ndi bakiteriya. Analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Lero ofufuza akuyang'ana kutupa kochepa kwambiri m'khoma la matumbo ndi kusintha kwa mabakiteriya okhalamo. Apeza kusiyana pakati pa odwala ndi athanzi, koma sanagwirizane ngati kusiyanako ndi gwero la vuto kapena zotsatira zake, ndipo palibe kuyeza magazi kapena chimbudzi kumene kungatsimikize matendawa.

Lachitatu ndi malire a kuyeza. Kuyeza pang'ono kungaphonye nthenda. Kuyeza kwambiri kumadya ndalama, kumaopseza mwana, ndipo kumatulutsa tinthu tosafunika timene timayambitsa ulendo wina. Kufufuza koyenera kumene Rome IV imanena sikungakhale kofanana ku Amsterdam ndi ku Mangochi, koma miyezoyo sinanene kuti kukhale kotani kumalo kumene likodzo ndi njoka zili paliponse.

Lachinayi limatikhudza mwachindunji. Kafukufuku wochuluka wachitika ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Wa ku Africa ndi wochepa kwambiri. Ngati kutsegula m'mimba kumasiya matumbo omva msanga monga zinachitikira ku Walkerton, ndiye kuti kumadera kumene mwana amatsegula m'mimba kangapo asanafike zaka zisanu vutoli liyenera kukhala lochuluka. Kodi lilidi lochuluka koma limabisala kumbuyo kwa njoka ndi malungo, kapena matumbo ozolowera tizilombo kuyambira ukhanda amachita mosiyana? Ndipo poti njira zimene zasonyeza mphamvu zimafuna munthu wophunzitsidwa ndi nthawi yokhala pansi ndi banja, ndani angazipereke pachipatala chaching'ono chimene wachipatala mmodzi amaona mzere wa odwala tsiku lonse: namwino, mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi, kapena mawu ojambulidwa pafoni m'chinenero cha mwanayo?